Sipika ya Kwaya

Obby anali atagwada patsogolo pa ampu yake, bokosi lokuzira mawu a gitala, foni ili kukhutu, dzanja lina likupotokola kabatani ka besi, pamene phokoso lonse linangoti zii. Atacheuka anaona ba Bornwell, mlamu wake, ataima pakhomo la kachipinda, waya wa malaiti ali m'manja, magalasi akuda owotcherera atawakwezera pamphumi.

"Nakuuza kangati iwe? Makasitomala akuyesa kuti mu shopu yanga muli nkhumba yodwala."

"Ba mulamu, voliyumu nachepetsa. Gilayinda yanu yodulira vitsulo ndiye imalira kupambana ine."

"Gilayinda yanga imabweretsa chakudya chamene umadya. Ichi chako chimabweretsa chani? Ntchentche?"

Anaponya wayayo pansi n'kubwerera kuzitsulo zawo. Obby anatola wayayo, koma sanamulumikize. Anakhala pa chidebe cha penti n'kuyang'ana gitala.

Iye anabwera ku Rufunsa nthawi ya mvula, ntchito yake ya m'sitolo ku Lusaka itatha. Dorcas, mlongo wake wamkulu, ndiye anamulandira n'kumupatsa kachipinda kosungiramo zitsulo kuseri kwa shopu yowotcherera ya amuna ake, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata. Masana Obby ankapenta mageti ndi mafelemu a mawindo. Ba Bornwell sankamuyamika pa ntchitoyo. Kwa iwo, mwamuna wamkulu wa tsitsi lopota, wofika pakhomo la eni ndi gitala m'malo mwa thumba la chimanga, anali katundu basi.

Tsono sabata imeneyo kunabwera foni kuchokera kwa Prudence, mayi woimba ng'oma mu bandi ina ya ku Lusaka. Bandiyo inkaimba nyimbo zimene eni ake ankazitcha silaji, nyimbo zolemera, zakuda, zoyenda pang'onopang'ono ngati thiraki yodzaza simenti ikukwera mapiri a Manenekela. Woimba gitala wawo, Phinias, anali atapeza ntchito kumigodi ku Solwezi ndipo anapita ndi zida zake zonse. Prudence sanazungulire. Anati malo alipo, kuimba kuli kumapeto kwa mwezi, koma anthu amabwera kudzamva kulira kwa gitala ya Phinias. Obby akakupeza kulirako, malowo ndi ake, ndi pogona pomwe. Anamutumizira kanyimbo kojambulidwa pa foni kuti amve.

Kuyambira pamenepo Obby sankaganizanso china. Anamasula nsambo zonse mpaka zinayamba kulendewera ngati zingwe zoyanikira zovala. Ataona kuti zikugunda pa khosi la gitala, anachotsa nsambo yonenepa n'kuikapo ya gitala ya besi, atakulitsa kamphako kake ndi tupa wa mu shopu. Anali ndi timabokosi tiwiri topondapo ndi phazi. Kamodzi, ka fazi, kankaphwanya mawu a gitala kuti amveke okhakhala. Kachiwiri kankangowakankha kuti akwiye. Anayesa kutsogoza aka, anayesa kutsogoza ako. Pa ampu anatsitsa trebo ya mawu akuthwa pafupifupi kuizimitsa, besi anaikweza mpaka kumapeto, midi ya mawu apakati n'kuisiya itapitirira pang'ono pakati kuti mawu asamire. Geni, yowonjezera ukali wa mawu, akaichulutsa, zonse zinkasanduka phala. Akaichepetsa, gitala inkamveka yaulemu ngati ya pa ukwati.

Mmawa wa tsikulo anali atajambula zimene anapeza n'kutumiza. Yankho linafika ali pa chidebe chomwecho.

"Obby, zala zako zili bwino," anatero mawu a Prudence pa foni. "Koma iyi ni njuchi mu chitini. Ya Phinias unali kuimva mu chifuwa, mano anali kunjenjemera. Uja sanali kusewenzetsa ampu ya gitala, iyayi. Anali kulowetsa mu ampu ya besi, ija ikulu. Sakila yotero."

Obby sanafunike kusaka patali. Pakona ya kachipindako, pansi pa chitenje, panali ampu ya besi ya kwaya ya kutchalitchi kwawo, bokosi lofika m'chiuno, la sipika yaikulu ngati lichero. Ba Bornwell anali tcheyamani wa kwayayo, ndipo ankaisunga ampuyo ku shopu chifukwa chitseko cha tchalitchi chinalibe loko wodalirika. Miyezi yonseyi Obby ankagona pafupi nayo osaivundukula.

Anadikira mpaka masana, ba Bornwell atakhala pa benchi pansi pa mtengo ndi amuna awiri odikira ngolo yawo. Dorcas anali chapafupi, akusanja tomato pa tebulo lake la m'mbali mwa msewu.

"Ba mulamu, nili na pempho," anatero Obby, atavula chipewa. "Nibwerekeniko ampu ija ya kwaya kanthawi kang'ono chabe. Nijambule kanthu kamodzi, niibweze mwamene ilili. Zikayenda, nichoka pano mwezi uno."

Ba Bornwell anayang'ana alendo awo kaye, ngati akuwaitana kuti adzaone zodabwitsa.

"Mwamva, abale? Afuna ampu ya Mulungu kuti aitanire viwanda vake."

Amuna aja anaseka, mmodzi n'kuyang'ana pansi.

"Si viwanda, ba mulamu. Ni nyimbo chabe."

"Nyimbo? Nyimbo ili na mawu, ili na poyambira na pothera. Yako ni galimoto yokana kulira. Azimayi anaphika, anagulitsa vitumbuwa kuti ija ampu ibwere. Pa Chiweru iimba pa ukwati wa mwana wa ba eluda. Ukaigwira na chala chimodzi, uzaniona bwino."

"Atate a Jordan," Dorcas analowererapo ali ku tebulo lake, "mwana wakupemphani mwaulemu. Mumakamba masiku onse kuti achoke. Manje njira yochokera ni iyi."

"Mwana? Uyu wa ndevu ni mwana? Iwe ndiwe unamuwononga. Gulitsa tomato."

Tomato wotsatira Dorcas anamuika pa mulu mwamphamvu mpaka anaphulika. Obby anabwezera chipewa kumutu n'kupita kukapenta geti. Anapenta mpaka manja anachita dzanzi.

Lachisanu mmawa ba Bornwell anakweza mafelemu pa kagalimoto kobwereka, akuti akukawaika pa nyumba ina ku Mpanshya ndipo abwera dzuwa litapendeka. Malaiti, amene masiku ambiri ankapita mmawa, tsiku limenelo anakhalapo. Obby anazungulira shopu, anatsuka maburashi, analowa m'kachipinda, anatuluka. Kenako analowanso n'kuchotsa chitenje chija.

Anaikokera ampuyo pakati pa chipinda. Analumikiza gitala ku fazi, fazi ku kabokosi kachiwiri, kenako ku bokosi lalikulu lija. Anaimika foni pa njerwa patsogolo pa sipika n'kuyamba kujambula. Atangokhudza nsambo yonenepa ija, misomali imene inali m'chitini pa shelefu inayamba kuvina. Kulemera kunalipo tsopano, koma mawuwo anali osalala kwambiri, oyera ngati munthu wovala suti. Anatsitsa trebo. Anakweza midi pang'ono kuti gitala isasanduke besi. Anabweza fazi m'mbuyo, popeza anazindikira kuti ukali uyenera kuchokera mu ampu momwemo, osati m'kabokosi. Kenako anagwira voliyumu n'kuyamba kuikweza pang'onopang'ono.

Malata a denga anayamba kulira. Dzimbiri linkagwa ngati ufa. Iye anamenya nsambo ziwiri pamodzi n'kuzisiya zilire, zilire, mpaka mawu anayamba kubwerera okha kuchokera mu sipika kulowa mu gitala. Anali pafupi. Anatambasula phazi n'kukankha voliyumu ndi chala chachikulu mpaka inakafika pothera.

Anamva kuti phwe, kaphokoso kakang'ono ngati nsalu yakale yokodwa pa msomali.

Anadziwa chimene chachitika. Koma dzanja linali litatsika kale pa nsambo, ndipo chimene chinatuluka mu bokosilo chinamuimitsa tsitsi. Anali mawu aja. Okhakhala m'mphepete, onyowa pakati, olemera ngati matope a m'dambo akukoka mwendo. Ankawamva m'nthiti, ankawamva m'mano. Akanasiya pomwepo, kung'ambikako kukanakhala kochepa. Sanasiye. Anaimba nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, maso atatseka, thukuta likugwera pa gitala.

Atamaliza, m'makutu munkalira mluzu. Anatumiza chojambulacho kwa Prudence, kenako anagwada n'kusuzumira kuseri kwa waya wotchinga sipika. Pepala lakuda la sipikayo linali litang'ambika chapamphepete, kutalika ngati chala.

"Obby."

Anali Dorcas, ataima pakhomo, manja atagwira m'chiuno. Kumbuyo kwake kunali azimayi anzake a tomato, akusuzumira.

"Obby, wachita chani? Amva mpaka ku kiliniki."

"Ba sisi, naipeza."

"Wapeza chani? Wapeza mavuto. Bwezera, vundikira, asanabwere."

Koma nthawi inali itatha. Kagalimoto kaja kanaima panja, mafelemu akadali pamwamba, chifukwa mwini nyumba ku Mpanshya sanapezeke. Ba Bornwell anatsika atakwiya kale. Nawo anatsika Festus, woimba gitala ya besi mu kwaya, mphunzitsi wofatsa amene anamutola panjira kuti adzatenge ampu ya kukonzekera ukwati. Azimayi aja anapatuka okha.

Ba Bornwell anayang'ana chitenje pansi, anayang'ana mawaya, anayang'ana Obby. Sanakuwe. Anatembenukira kwa Festus.

"Ba Festus, lowetsani besi yanu. Tiyeni timve."

Festus anatulutsa besi m'thumba lake, anailumikiza, anatsitsa voliyumu, n'kukhudza nsambo imodzi mofatsa. Bokosilo linatulutsa mawu onyansa, onjenjemera, ngati mbuzi yotupa mimba. Mmodzi wa azimayi aja anaseka n'kudzigwira pakamwa.

"Mawa," anatero ba Bornwell pang'onopang'ono. "Mawa mmawa mkwatibwi alowa mu tchalitchi na ichi. Na ine tcheyamani nili patsogolo."

"Nalakwa, ba mulamu," anatero Obby. "Sinikana. Munaniletsa, nagwira. Koma mverani. Tengani ampu yanga, ili bwino. Ni ing'ono, koma ba Festus akaimba mofatsa izakwanitsa ukwati. Ikhale ya kwaya mpaka nikatumize sipika ina. Iyi yong'ambika munipatse ine, nichoke nayo lero."

"Nikupatse? Waba, waononga, manje nikupatse mphoto?"

"Ba tcheyamani," Festus anati, atagwada n'kuyang'ana sipikayo, "kung'ambika si kukulu. Na gluu na kansalu kopyapyala ingamatike. Siingakhale monga kale, koma ingalire. Tiyeni tikhale pansi."

Mwina zikanathera pomwepo. Koma foni ya Obby, ili pa njerwa paja, inalira. Ba Bornwell ndiwo anali pafupi. Anaitola, anaona dzina, n'kudina uthengawo ndi chala chakuda ndi mafuta. Mawu a Prudence anadzaza kachipindako, akukuwa ndi chimwemwe.

"Obby! Ndiye iyi! Ndiye iyi yeniyeni! Sipika yang'ambika, eti? Namvera. Ya Phinias nayo inali yong'ambika, sanafune kuti anthu adziwe. Usaikonze, wamva? Usaigwire olo pang'ono. Bwera nayo mwamene ilili. Malo ni ako!"

Uthenga unatha. Ba Bornwell anaika foniyo pansi mosamala kwambiri.

"Ohoo," anatero. "Kansi unachita dala."

"Iyayi, ba mulamu. Sininadziwe. Nalumbira."

"Unaing'amba dala kuti ilire mwamene afunira anzako. Manje ufuna unyamule chinthu cha tchalitchi upite nacho ku mabala a ku Lusaka, akazi ovala mabuluku akuvinire."

"Atate a Jordan, mwamva mweka kuti malo wapeza," anatero Dorcas. "Mulekeni apite. Ampu yake wasiya. Mufunanso chani?"

Ba Bornwell anatembenuka. Anatuluka, ndipo onse anamva zitsulo zikugundana mu shopu. Anabwera ndi chitsulo chachitali chosongoka, cha mageti. Obby anaimirira n'kutchinga gitala yake, poyesa kuti ndiyo akufuna. Koma iwo anamudutsa. Anakanula waya wotchinga sipika, analowetsa chitsulocho pong'ambika paja, n'kuchizunguza. Pepala linalira. Anachizunguzanso, anakoka, anabaya pakati, mpaka kutsogolo kwa bokosilo kunatsala dzenje lakuda ndi nyenyeswa zolendewera.

"Tenga manje," anatero akupuma mwamphamvu. "Pita nayo."

Dzanja la Obby linagwira khosi la gitala ngati mpini, ndipo anaponda kutsogolo. Dorcas analowa pakati pawo, nkhope yake pafupi ndi ya mlongo wake.

"Ukamenya, ugona ku polisi, ndipo azakondwera. Niyang'ane ine. Niyang'ane ine, Obby."

Anamuyang'ana. Maso a Dorcas anali ouma. Pang'onopang'ono dzanja lija linamasuka.

Festus anali akadali chogwada. Anatola kachidutswa ka pepala la sipika, anakatembenuza, n'kukaika pamwamba pa bokosi. Ataimirira anasasa fumbi m'maondo.

"Ba tcheyamani, ija yoyamba inali ngozi ya munthu wosamvera. Iyo nikanakamba choncho ku komiti. Koma iyi yachiwiri naiona na maso anga, na azimayi awa aiona. Ba eluda akanifunsa, sinizanama."

"Muli ku mbali ya uyu?"

"Nili ku mbali ya ampu. Inali ya ise tonse."

Ba Bornwell anayang'ana pakhomo. Azimayi aja sanali kusekanso. Mmodzi wa iwo, wa mu kwaya momwemo, anapukusa mutu n'kubwerera ku tebulo lake, enawo n'kumutsatira. Chitsulo chija chinaoneka ngati chawalemera m'manja. Anachitsamiritsa ku khoma, chinaterereka n'kugwa, ndipo palibe anachitola.

Obby anazula mawaya ake mmodzimmodzi n'kuwakulunga. Anaika timabokosi tija m'chikwama pamodzi ndi zovala zake, zimene sizinali zambiri. Kenako ananyamula ampu yake yaing'ono. Anaima nayo kanthawi. Inali chinthu choyamba chimene anagula atayamba ntchito, ndipo popanda iyo akafika ku Lusaka ndi gitala yosalankhula. Anadutsa mlamu wake osamuyang'ana n'kuiika pamapazi pa Festus.

"Besi musaipitirize pakati, ba Festus. Voliyumu nayo pang'ono chabe. Mukaiika pa mpando pafupi na khoma, izamveka mpaka kumbuyo."

"Nanga iwe ukaimbira chani?"

"Nikaona kwamene kuja. Mwamene ilirira nadziwa manje."

Festus anagwedeza mutu, n'kuinyamula ampuyo ndi manja awiri.

Dzuwa linali likadali pamutu pamene Obby anaima m'mbali mwa msewu, gitala kumsana. Phula linkanyezimira ndi kutentha. Dorcas anabwera ndi chikwama chija, atachilanda kuti anyamule ndiye, ndipo anaima pambali pake. Tebulo lake la tomato analisiya lopanda munthu.

"Ukafika utume uthenga," anatero. "Ndipo ija sipika ukaitumize. Osati chifukwa cha iwo. Chifukwa cha azimayi aja."

"Nizatumiza, ba sisi. Nanga imwe muzakhala bwanji na iwo?"

"Iyo ni nkhani yanga."

Minibasi yoyamba inadutsa itadzaza, kondakitala atangokweza dzanja. Anadikira ina. Kumbuyo kwawo, pakhomo la shopu, ba Bornwell anatulukira n'kuima, manja ali lende.

"Amake Jordan!" anaitana. "Kuli kasitomala wa tomato kuno!"

Dorcas anasamutsira chikwama kuphewa lina, maso ali kumsewu.

"Amake Jordan!"

Sanacheuke.